Mgodi wa m'manja: mawu kwa adzukulu anga a ku Kopala

Adzukulu anga, senderani pafupi. Mafoniwo musazimitse, aikeni pamphasa pomwepa, chifukwa mlandu wa lero ndi wawo.

Sabata yatha magetsi atathima kuno ku Lubuto, mmodzi wa inu anandigwiritsa foni kuti ndimujambule akuyimba. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Ndinaigwira ngati dzira, iye n'kuyimba kanyimbo kopeka yekha, konena za amayi ake amene amalawirira ku msika wa Masala tambala asanalire kukapikula repu ndi tomato. Mawu ake anandikhudza mpaka ndinayang'ana kumbali. Mawa lake madzulo nditamupempha kuti andimvetsenso, anayankha maso ali pansi kuti wafufuta. Akuti ataiika pa intaneti oonera anachepa, malaiki sanabwere. Nyimbo yobadwa Lachiwiri n'kuikidwa Lachitatu, popanda ndi mmodzi yemwe wokhuza maliro. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Musaganize kuti ndine nkhalamba yodana ndi zatsopano. Ine ndinafika ku Kitwe ndili kamnyamata, nditakhala pamwamba pa katundu m'lole yochokera ku Fort Jameson, kumene lero mukuti Chipata. Bambo ankagwira ntchito pa mgodi wa Nkana, ife tikukhala ku Wusakile. Lamlungu masana amuna osadziwa kulemba ankabwera kwa ife ana a sukulu kuti tiwalembere makalata opita kumudzi. Munthu wamkulu ankakhala duu kwa nthawi yaitali asanatulutse chiganizo chimodzi. Pepala linali limodzi, sitampa imodzi, ndipo ankadziwa kuti kalatayo idzawerengedwa mokweza pamaso pa apongozi, amalume ndi aliyense wodutsa. M'menemo ndi mmene ndinaphunzirira kuti mawu amalemera. Koma kalata yomweyo ndi imene inauza bambo anga za imfa ya amayi awo manda atauma kale. Lero ndimakanikiza kabatani, n'kulankhula, mlongo wanga ku Katete n'kumva mawu anga enieni nsima isanazizire. Iye sadziwa kuwerenga, koma uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wamubwezera pakamwa pamene sukulu inamumana. Wonyoza zimenezo sanadikireko kalata.

Chilichonse chatsopano chinkafika ndi mantha ake. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka batire kooneka ngati poto, kotchedwa Saucepan Special, ndipo anthu a m'makomboni anayamba kumva Chinyanja ndi Chibemba kuchokera ku Lusaka, ndi mawu a anthu onga Alick Nkhata. Mu 1961 wayilesi ya kanema yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Kitwe komweko, ife n'kumaunjikana pa mawindo a masitolo m'tauni. Akuluakulu a nthawiyo ankati zatha, ana awa sadzamveranso nthano. Zina ananena zoona, zina anaphonya. Inenso mwina ndiphonya zina.

Koma pali chimodzi chimene mwana wa pamigodi sayenera kuphonya. Ukaona anthu ambiri akutsika pansi tsiku ndi tsiku, funsa kuti mgodiwu ndi wa yani, ndipo chotulukamo chikupita kuti. Mkuwa wa ku Nkana unkakwera sitima kupita kutsidya kwa nyanja nthawi ya Anglo American. Boma linatenga migodi, kunabwera ZCCM mu 1982, kenako inagulitsidwanso mu 2000, koma njira ya mkuwa sinasinthe. Chimene chinatsalira ife ndi chiphiri chakuda chija cha zotsalira za m'ng'anjo, Black Mountain, kumene anyamata amafukula, ndipo mu June 2018 chinagumukira ena n'kupha anthu osachepera khumi. Tsono foni ili m'manja mwanuyo ndi mgodi. Eni ake a Facebook ndi YouTube ali ku California, TikTok inachokera ku kampani ya ku China. Miyala imene akukumba ndi maso anu ndi nthawi yanu. Makina awo amawerenga kuti diso lako linaima nthawi yaitali bwanji pa kanema uyu, unabwereza kangati, unadumpha pati, ndipo chimene chagwira maso ambiri amachikankhira kwa ena. Masowo amawagulitsa kwa otsatsa malonda. Makinawo sadziwa nyimbo yabwino, amadziwa nyimbo yoimitsa chala. Ndewu ya pa siteshoni ya mabasi imaimitsa chala kuposa nyimbo ya mayi wogulitsa repu, ndiye mdzukulu wanga anagonja pa mpikisano umene sanadziwe n'komwe kuti walowa.

Bambo anga potsika m'chikepe ankalandira phoso, nyumba ndi chipatala, ngakhale malipiro anali a chitonzo poyerekeza ndi a mzungu. Inu mumagula nokha bandulo ya Airtel, MTN kapena Zamtel kuti mutsike. Ndipo kwa zaka zambiri opanga makanema m'Zambia muno akhala akudandaula kuti ndalama zimene anzawo a ku Kenya, ku Nigeria ndi ku South Africa amalandira pa oonera, iwo sizimawafikira mosavuta. Sindikuti tulukanimo. Kumigodi tinabwera dala, ndipo ana ambiri anaphunzira ndi ndalama za kumeneko. Koma wanzeru ankatsika akudziwa kuti tsiku lina adzakwera komaliza, ndipo ankamanga kanyumba kwawo.

Ndikuuzeni za anyamata a msinkhu wanga amene anapanga chinthu chimene mpaka lero sichinafe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku Kitwe kunali magulu oyimba ndi magitala a magetsi, ana a anthu a pamgodi. Lina linali WITCH, woyimba patsogolo wake Emmanuel Chanda, amene tinkamutcha Jagari chifukwa pa siteji ankadumpha ngati Mick Jagger wa ku England. Lina linali Amanaz, limene linatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975, chojambulidwa ku situdiyo ya Malachite ku Chingola. Kuno ku Ndola kunali Edward Khuzwayo ndi Zambia Music Parlour yake, komanso fakitale ya Teal yodinda zimbale. A Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wayilesi zikhale za m'dziko muno, msika unatseguka. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba ntchito yosanja zilembo pa makina osindikizira mabuku muno mu Ndola, ndipo malipiro anga oyamba anathera pa zimbale ndi buluku lotambalala kumiyendo. Amayi anga sanandikhululukire msanga.

Anyamatawo anayamba ndi kutsanzira, monga mmene inu mukutsanzirira za ku Lagos ndi ku Johannesburg. Kutsanzira si tchimo, mwana amaphunzira kulankhula potengera amake. Chimene chinawasandutsa eni nyimbo ndi anthu amene ankaima patsogolo pawo m'maholo a pamgodi ndi m'mabwalo a chionetsero cha malonda. Nyimbo ikakhala yozizira, ovina ankakhala pansi, ena n'kutuluka kukagula mowa, ndipo woyimba ankaona ndi maso ake kuti pakati apa ndi pamene ndawataya. Ankapita kukaikonza, sabata yotsatira n'kuiyesanso ku Mufulira, kenako ku Luanshya. Pofika ku situdiyo nyimboyo inali itapsa. Foni imakupatsa nambala basi. Sikuuza kuti vesi yachiwiri yatalika, kapena kuti mawu awa ndi okoma koma ng'oma ikuwaphimba. Ndiye mwana akaona nambala yochepa amaganiza kuti chonsecho n'choipa, n'kutaya mphika pamodzi ndi ndiwo.

Mtengo wa mkuwa utagwa, chuma chinalowa pansi, malamulo oletsa kuyenda usiku anatseka madansi, kenako Edzi inatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Pa anyamata oyamba a WITCH, Jagari anatsala yekha. Anaphunzitsako sukulu, kenako n'kupita kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Tonse tinkati nkhaniyo yatha. Koma zimbale zinali zinthu zogwirika, zinagona m'masutikesi pansi pa mabedi. Anthu akunja anazipeza, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, intaneti n'kuziwanditsa dziko lonse. Jagari, ali ndi imvi, anayambanso kuyimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Chaka chomwecho woyimba Travis Scott anatapa nyimbo ya Amanaz, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anatapa ya Ngozi Family ya Paul Ngozi wa ku Lusaka, mawu ake a Chinyanja ali momwemo. Apa intaneti ndiyitamande, inachita chimene wayilesi yathu inalephera. Koma inapeza chinthu chosungidwa. Akanakhala kuti Amanaz anafufuta chimbale chawo chitangotha tsiku limodzi, bwenzi Travis Scott atatapa chiyani? Chimene mwapanga chisungeni penanso, pa fulashi, pa memori khadi, mawu ake m'kope. Akaunti imatsekedwa, foni imabedwa ku msika wa Chisokone, nambala yachinsinsi imaiwalika.

Za chilankhulo ndiye zimandipweteka kwambiri. Kopala ndi mphika umene munagwera ndiwo za mitundu yonse. Pansi pa mgodi makapitawo ankakuwa m'Chikabanga, kumsika n'Chibemba cha m'tauni, kunyumba kwathu Chichewa, kwa aneba Chilamba, Chilunda kapena Chitumbuka cha anthu a ku Nyasaland. M'kusakanikirana kumeneko ndi mmene munkabadwira zatsopano. Mzungu wina wofufuza, Clyde Mitchell, analemba mu 1956 za gule wa kalela amene anaona ku Luanshya: anyamata a Chibisa atavala mwaukhondo ngati makalaliki, ng'oma zawo zopangidwa ndi migolo ya mafuta, akupeka nyimbo zoseka mitundu ina ndi moyo wa m'tauni Lamlungu masana. Oyimba Chef 187 ndi mkulu wake Macky 2 akamapota Chibemba cha Kopala lero, akuyenda m'njira imene anyamata a kalela analambula. Iwo sanachite manyazi ndi chilankhulo cha m'komboni, n'chifukwa chake woyimba Sampa the Great, atatchuka kunja, anabwerera kudzayimba ndi Chef 187 mu 2022 pokumbukira Zamrock, nyimbo za anyamata a magitala aja.

Nanga inu, ana a Kum'mawa obadwira kuno? Chibemba mumalankhula ngati madzi, ndipo ndimanyadira. Chingerezi mumalemba, ngakhale chodulidwa michira. Koma Chichewa mumachisiya pakhomo ngati nsapato zamatope. Mukalemba uthenga kwa ine mumayamba bwino, «Agogo mwadzuka bwanji», kenako n'kuthawira ku Chingerezi chifukwa foni ikukukonzerani mawu molakwika. Zimitsani kokonzako, mulembe. Makina amenewa amaphunzira kuchokera pa zimene anthu alemba, ndipo chilankhulo chosalembedwa amachiyesa kulibe. Mwambi umene ndinakuuzani dzulo, nthano ya Kalulu imene agogo anu aakazi amaisimba mosiyana ndi ya m'buku la kusukulu, mayina a ndiwo zakutchire, kalankhulidwe ka pa chinkhoswe: jambulani zimenezo tikadali moyo. Ku Lagos kulibe amene ali nazo. Ndi mwala wokhawo umene uli m'munda mwanu mokha.

Pali china chimene galasi la foni limachotsa, ndicho nkhope. Ife a Kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Pamaliro iwo amatipaka ufa, ife n'kuwalipiritsa, iwo amatiseka za mbewa, ife timawaseka za anyani, ndipo wofedwa amapezeka waseka misozi ili m'masaya. Nthabwala imeneyo imayenda chifukwa tikuonana, ukudziwa kuti wokunyozayo ndi amene wakumba manda a mbale wako m'mawa. Mawu omwewo ukawalemba pa Facebook amawerengedwa ndi munthu amene sadziwa chimbuya, pa nyengo ya chisankho, mtima uli kale m'mwamba. Zoseketsa zimasanduka chidani cha mitundu. Akale ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Iwo ankanena za mudzi umodzi woyandikana nawo. Mlomo wa pa intaneti umajambulidwa, n'kudikira zaka zisanu, n'kukupeza tsiku lofunsira ntchito kapena lofunsira mbeta. Ndipo kuchokera mu 2021 kuli malamulo a milandu ya pa intaneti, amene analembedwanso mu 2025. Ena akuti akuteteza anthu, ena akuti akutseka pakamwa, mkanganowo ukupitirira, koma wapolisi akadzagogoda sadzafunsa kuti unkaseka kapena ayi.

Mphekesera sizinabwere ndi foni. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, kunamveka za banyama, anthu ogwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, ndipo ngakhale owulutsa mawu a pa wayilesi ya ku Lusaka anatchulidwa kuti ndi omwewo. Peter Fraenkel, amene ankagwira nawo ntchito, anazilemba m'buku lake Wayaleshi. Ku Malawi za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Koma kale mphekesera inkayenda pa njinga, ndipo pofika mudzi wachitatu inkakumana ndi wina woifunsa kuti waona ndani. Kumayambiriro kwa 2020 nonse munali ozindikira. Nkhani ya anthu opopera mpweya woipa m'nyumba inayambira ku Chingola, n'kufalikira dziko lonse m'masabata ochepa. Magulu a WhatsApp sankagona: chithunzi cha galimoto, chithunzi cha munthu wachilendo, uthenga wa mawu wa mayi akulira amene palibe ankamudziwa. Anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ena ongosochera njira, ena odwala misala, ena okalamba ngati ine. Ndinasiya kuyenda madzulo nthawi imeneyo, poopa ana amene ndinawaona akubadwa. Ambiri amene anatumiza mauthengawo sanagende mwala, ankati akuchenjeza abale. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Uthenga ukakufikira wopanda dzina la malo, wopanda tsiku, wongoti tumizani kwa onse, chala chidikire, uyimbire munthu amene ali komweko.

Chida chomwecho chinatithandiza mu February 2025, damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi, asidi n'kutsikira mu Mwambashi mpaka mu Kafue, madzi a m'mipope ku Kitwe n'kutsekedwa. Alimi ndi asodzi anajambula nsomba zakufa ndi chimanga chopserera, ndipo nkhaniyo sinathekenso kukwiriridwa. Amenewo anajambula chimene anaona ndi maso awo, pamalo odziwika. Pilato wa muno mu Ndola naye nyimbo zake zodzudzula atsogoleri zinayenda m'mafoni pamene mawayilesi ena ankaopa, ngakhale zinamuthawitsira ku South Africa mu 2018. Koma kumbukiraninso 12 August 2021, tsiku la chisankho, pamene WhatsApp ndi Facebook zinangoti zii, mpaka khoti linalamula kuti zitsegulidwe. Chitseko cha bwalo limene mumakumanirapo chili ndi loko, ndipo kiyi sali kwa inu. Tsiku limenelo amene ankadziwa khomo la mnzake anayenda wapansi.

Za masewera a pa kanema sindinena zambiri, chifukwa zala zanga zinakana. Ndimaona anyamata m'timashopu ta ku Chimwemwe ndi ku Chifubu atatsamira pa kanema, akuyendetsa timu ya ku Manchester kapena ku Madrid, akudziwa dzina la wosewera aliyense mpaka wa pa benchi. Luso lilipo, sindikana, ndipo wina anandionetsa mzinda wonse umene anamanga m'foni, misewu yake yowongoka kuposa ya ku Kabushi. Ndinangomufunsa ngati analowapo m'bwalo la Arthur Davies tsiku limene Power Dynamos ikukumana ndi Nkana, n'kumva nyimbo ikubadwa pakamwa pa munthu mmodzi, mphindi zochepa bwalo lonse n'kuilandira. Anati ayi, koma anaonera pa foni. Chimene chimandiopsa kwenikweni ndi kakhomo kena kali pafupi ndi masewerawo, ka kubetcha, kamene kamameza ndalama ya sukulu mwakachetechete munthu ali chogona pabedi.

Wanyimbo uja ndinamuitana dzana. Mwamwayi mawu ake anali akadali m'mutu. Ndinamupatsa kope limene ndinasunga kuchokera ku ntchito yanga yakale, kuti awalembe onse ndi dzanja, ndipo polemba anasintha mizere iwiri yekha, ine osanena kanthu. Dzulo ndinapita naye kwa amayi a kwaya ya kumpingo kwathu akuyeserera nyimbo za Lamlungu. Anayimba akunjenjemera. Mayi wina wa ku Petauke anamuuza mosabisa kuti poyambira pakwera kwambiri, palibe mayi wobwera ku Masala atasenza dengu angafikepo. Wina anati mawu akuti repu sakukhala bwino pamenepo, ayese chibwabwa. Anakangana okhaokha za chibwabwacho mpaka mnyamata anaiwala mantha n'kuyamba kuteteza repu wake. Pobwereza kachitatu amayi awiri anali akuvomera kumbuyo kwake, ndi mawu amene iye sanawapeke. Akuti Loweruka aijambulanso, magetsi akakhalapo, ndipo amayi aja akuti asayerekeze kuitumiza iwo asanaimve. Ine andipatsanso ntchito yogwira foni, koma andichenjeza kuti ulendo uno chala changa chisatseke kamera.